Chitseko, Loko ndi Kiyi M'mbiri ya Fiqh

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Wophunzira akatsegula mabuku a Fiqh sapezamo mutu wakewake wa chitseko. Komabe chitseko chimatulukira m'mitu yambiri: pa nkhani ya kuba, pa katundu wosungitsa, pa malonda a nyumba ndi pa maufulu a anthu oyandikana nyumba. M'mitu yonseyi ma Ulama ankabwerera ku funso limodzi: kodi nyumba iyenera kutsekedwa motani kuti tinene kuti mwini wake wasunga zimene zili m'katimo? Lero mayiko ambiri amayankha funsoli ndi miyezo yolembedwa m'manambala. Ife tiona mmene Asilamu adaliyankhira kuyambira ku Madina, chifukwa yankholo likukhudza amene akuchita lendi, amene wasungitsidwa ndalama za mzikiti, mmisiri wodula makiyi, ndi bambo amene watseka banja lake m'zitsulo usiku.

Madina: nsalu pakhomo, lamulo mumtima

Nyumba zoyamba za Asilamu ku Madina zidali zosalimba. Zipinda za akazi a Mtumiki (SAW), zimene zidagundana ndi mzikiti, zidamangidwa ndi dothi komanso nthambi za mitengo ya tende, ndipo pamakomo a zambiri mwa izo pankalendewera nsalu zaubweya. Hasan al-Basri, yemwe adakulira ku Madina, adasimba kuti ankalowa m'zipindazo n'kumakhudza denga lake ndi dzanja. Malo ake adalowetsedwa mumzikiti cha m'chaka cha 88 cha Hijra (707), pamene Khalifa al-Walid ibn Abd al-Malik adalamula kuti mzikitiwo ukuzidwe.

M'nyumba zoterezi chitetezo choyamba chidali lamulo la kuodira. Surah An-Nur, ndime 27 ndi 28, ikuletsa kulowa m'nyumba ya wina tisanapemphe chilolezo ndi kupereka Salaam, ndipo ikutilamula kubwerera ngati tauzidwa kuti tibwerere. Ndime 58 ya Surah yomweyo ikuika nthawi zitatu zimene ngakhale ana a m'nyumba ayenera kuodira: Swala ya Fajr isanakwane, masana pamene anthu avula kuti apume, ndi pambuyo pa Swala ya Isha. Hadith ya Abu Musa al-Ash'ari (RA) ikuika malire a kuodira pa maulendo atatu, ndipo Hadith ya Sahl ibn Sa'd (RA), yonena za munthu amene adasuzumira pabowo la chipinda cha Mtumiki (SAW), ikufotokoza kuti kuodira kudaikidwa chifukwa cha maso. Abu Dawud adalemba kuchokera kwa Abdullah ibn Busr (RA) kuti Mtumiki (SAW) akafika pakhomo la munthu sankaima moliyang'ana, koma ankaima kumanja kapena kumanzere kwake, poti nyumba za nthawiyo zidalibe zotchinga.

Sikuti chitseko chenichenicho chidanyozedwa. Bukhari ndi Muslim adalemba Hadith ya Jabir ibn Abdillah (RA) yolamula kuti usiku ukagwa titseke zitseko uku tikutchula dzina la Allah, tivindikire ziwiya, ndiponso tizimitse nyali, chifukwa khoswe angathe kukoka chingwe cha nyali n'kutentha nyumba. Tisunge mfundo iyi: kutseka chitseko ndi kuzimitsa moto zidabwera m'langizo limodzi.

Zitseko zimene Umar adazikana

Mbiri ikutionetsanso kuti si chitseko chilichonse chimene chidavomerezedwa. A'isha (RA) adafunsa Mtumiki (SAW) chifukwa chimene khomo la Ka'aba lidakwezedwera m'mwamba, ndipo adayankhidwa kuti Akuraishi adachita zimenezo kuti azilowetsa amene amufuna ndi kutsekereza amene sakumufuna. Pamene Makka idagonjetsedwa m'chaka cha 8 cha Hijra (630), Mtumiki (SAW) adabwezera kiyi wa Ka'aba kwa Uthman ibn Talha, ndipo banja la Banu Shayba likusungabe kiyiyo mpaka lero. Omasulira Qur'an ambiri amalumikiza nkhaniyi ndi Surah An-Nisa, ndime 58, yolamula kubweza zosungitsa kwa eni ake. Kuyambira pamenepo kiyi m'maso mwa Msilamu ndi amana, chinthu chimene munthu adzafunsidwa nacho.

Mu ulamuliro wa Umar ibn al-Khattab (RA) muli nkhani ziwiri zoyenera kuziganizira. Yoyamba idalembedwa ndi Abd al-Razzaq, ndipo Ibn Kathir adaibwereza pomasulira Surah Al-Hajj, ndime 25: Umar ankaletsa kuika zitseko pa nyumba za ku Makka kuti obwera ku Hajj azipeza pofikira m'mabwalo a nyumbazo. Woyamba kuika chitseko adali Suhayl ibn Amr (RA), amene adadandaula kuti iye ndi wamalonda ndipo akufuna potsekera ngamira zake. Umar adamulola. Yachiwiri idachitika ku Kufa, mzinda umene udakhazikitsidwa m'chaka cha 17 cha Hijra (638). Umar atamva kuti bwanamkubwa Sa'd ibn Abi Waqqas (RA) waika chitseko pa nyumba ya boma ndipo anthu akudandaula, adatuma Muhammad ibn Maslama (RA) kuti akachitenthe. Sa'd adalumbira kuti sadanene mawu onyoza anthu amene ankamunenera, ndipo Umar adamukhulupirira. Pa nkhani ziwirizi tikuphunzirapo kuti chitseko chosunga chuma cha munthu n'chololedwa, pomwe chitseko chotsekereza anthu ku ufulu wawo n'chokanidwa.

Hirz: pamene chitseko chidalowa m'bwalo la milandu

Surah Al-Ma'ida, ndime 38, ikutchula chilango cha wakuba, koma madh-hab onse anayi adagwirizana kuti chilangocho sichigwa pokhapokha katunduyo atachotsedwa mu hirz, kutanthauza malo amene katundu wa mtundu umenewo amasungidwa. Umboni wawo wina ndi Hadith yosiyanitsa zipatso zolendewera mumtengo ndi zimene zaikidwa kale poyanikira tende. Ibn Hazm wa ku Andalus (adamwalira 1064) adatsutsa lamuloli m'buku lake la Al-Muhalla, koma ma Ulama ambiri sadamutsatire.

A Hanafi adagawa hirz pawiri: malo amene pawokha ndi osungira, monga nyumba kapena sitolo, ndi malo amene asanduka osungira chifukwa pali mlonda, monga chovala cha Safwan ibn Umayya (RA) chimene chidabedwa iye atachitsamira mumzikiti. Kwa iwo nyumba ndi hirz ngakhale chitseko chili chotsegula, chifukwa idamangidwira kusunga. Koma mlendo akaba m'nyumba imene walandiridwamo salandira chilango cha Hadd, poti chilolezo cholowa chidachotsa utchingo wa nyumbayo kwa iye. Amalangidwabe ndi chilango china chimene woweruza waona kuti n'choyenera, ndipo amabweza katunduyo.

A Shafi'i, amene ambiri mwa ife timatsata mabuku awo, adatsamira pa urf, chizolowezi cha anthu a dera. Imam an-Nawawi (adamwalira 1277) m'buku la Minhaj at-Talibin adaika ndondomeko imene ikufanana kwambiri ndi muyezo wa chitetezo. Nyumba ya payokha, yotalikirana ndi mudzi, imafuna mlonda wamphamvu. Nyumba yogundana ndi zinzake ndi hirz ikakhala yokhoma ndipo muli munthu, ngakhale atagona. Chitseko chikakhala chotsegula, munthuyo n'kugona, si hirz usiku. Nyumba yopanda munthu imakhala hirz pokhapokha zinthu zitatu zitakumana: ndi masana, ndi nyengo ya mtendere, ndipo yakhomedwa. Taonani kuti Imam sadayang'ane loko yekha. Adayang'ana malo a nyumba, nthawi, mkhalidwe wa dziko ndi kupezeka kwa munthu.

Kuchuluka kwa zofunika zimenezi kukutiuzanso kanthu kena. Ngati woweruza ayenera kufufuza zonsezi, kuwonjezapo mtengo wa katundu ndi umboni, ndiye kuti gulu la anthu limene lagwira munthu pamsika n'kumumenya kapena kumutentha lilibe mbali iliyonse ya Shariya imene lingaimepo.

Loko mmodzi kapena awiri?

Pa mutu wa wadi'a, katundu wosungitsa, lamulo ndi lakuti wosunga salipira katundu akatayika, kupatula ngati adalekerera. Kulekerera kwake n'kusaika katunduyo pamalo oyenera mtundu wake. Ndalama za madrasa zosiyidwa pawindo sizili pamalo ake, ngakhale khasu losiyidwa pomwepo lingakhale pamalo ake.

Apa pali kusiyana kokoma kukuphunzira. Tiyerekeze kuti mwini bokosi wauza wosunga kuti asalikhome, iye n'kulikhoma, kenako n'kubedwa. M'madh-hab a Maliki, malinga ndi Mukhtasar ya Khalil ibn Ishaq ya m'zaka za m'ma 1300, wosungayo alipira, chifukwa loko amauza wakuba kuti m'bokosimo muli kanthu. Koma ngati adauzidwa kukhoma ndi loko mmodzi iye n'kuwonjezera wachiwiri, salipira. A Shafi'i amaona kukhoma ngati kuwonjezera chisamaliro, choncho an-Nawawi akuti ngakhale woletsedwa kuika maloko awiri akawaika salipira. Mbali zonse ziwiri zidaona zoona: loko amatchinga, komanso loko amaitana maso.

Pa malonda a nyumba, mabuku a Hanafi akuti maloko okhomeredwa pachitseko pamodzi ndi makiyi ake amalowa m'malondawo ngakhale sadatchulidwe, pomwe loko wongopachika amatsala kwa wogulitsa. Majalla, buku la malamulo la ufumu wa Ottoman lokonzedwa pakati pa 1869 ndi 1876, la ndime 1,851, lidatsimikiza kuti kupereka kiyi wa nyumba yokhomedwa kwa wogula ndiko kupereka nyumbayo.

Khomo ndi mnzathu woyandikana naye

Mizinda itakula, funso lidakhala lakuti khomo liyang'ane kuti. Ibn ar-Rami, mmisiri womanga nyumba wa ku Tunis wa m'zaka zoyambirira za m'ma 1300, ankatumidwa ndi oweruza kukayendera nyumba zokanganirana, ndipo adasonkhanitsa zimene adaona m'buku la Al-I'lan bi Ahkam al-Bunyan. M'menemo tikupeza kuti akuluakulu a Maliki adasiyana pa munthu wofuna kuboola khomo moyang'anizana ndi la mnzake. Ibn al-Qasim adalola ngati msewuwo ndi wodutsa anthu onse. Sahnun wa ku Qayrawan (adamwalira 854) adafuna kuti khomolo lisunthidwe pambali, kuti wotsegula chitseko asaone m'nyumba ya mnzake. M'kanjira kotsekeka kumapeto lamulo lidali lolimba koposa, chifukwa kanjirako kankaonedwa ngati ka anthu okhalamo okha.

Maganizo amenewa adasiya chizindikiro pa kamangidwe. M'mizinda yakale ya Tunis, Fez ndi Cairo, wolowa m'nyumba amayamba wadutsa kakhonde kokhota asanafike pabwalo la m'kati, kotero kuti chitseko chikatseguka wodutsa mumsewu amangoona khoma. Tinjira tambiri tidalinso ndi zipata zotsekedwa usiku, zokhala ndi alonda. Wolemba mbiri al-Jabarti adasimba kuti Afalansa atalanda Cairo mu 1798 adalamula kuti zipata zimenezi zizulidwe, ndipo anthu adachita mantha kwambiri. Kwa asilikali zipatazo zidali chopinga, koma kwa eni mudzi zidali chitseko choyamba cha nyumba zawo.

Muhtasib ndi amisiri a maloko

Chimene chikuyandikira kwambiri miyezo ya masiku ano chikupezeka m'mabuku a hisba, ntchito yoyang'anira misika ndi amisiri. Ibn al-Ukhuwwa wa ku Egypt (adamwalira 1329), m'buku la Ma'alim al-Qurba, adalemba za akalipentala osema maloko a matabwa otchedwa dabba. Adati ntchitoyi ndi yaikulu chifukwa m'menemo muli kusunga chuma ndi kuteteza mabanja, choncho amisiriwo aziyang'aniridwa ndi munthu wodziwa ntchito komanso woopa Allah. Adaletsa kusemera munthu kiyi potengera kiyi wina, kupatula anthu awiri odziwika kuti ndi ogawana chuma ndiponso okhulupirika. Adafunanso kuti mano a maloko azisiyanasiyana kuti kiyi wa nyumba ina asatsegule nyumba ina.

Loko wa dabba ankagwira ntchito motere: mpiringidzo wa thabwa udali ndi timabowo, ndipo ukakankhidwa timisomali tinkagwera m'timabowomo n'kuumanga. Kiyi adali kathabwa kokhala ndi mano olingana ndi timabowoto, ndipo ankatukula timisomali tonse pamodzi kuti mpiringidzo utseguke. Edward William Lane adaona maloko amenewa akugwirabe ntchito ku Cairo ndipo adawafotokoza m'buku lake la mu 1836, n'kunenanso kuti sadali ovuta kuwatsegula mwachinyengo. Nzeru yomweyo ya timisomali ndi imene Linus Yale Jr. wa ku America adaikonza m'chitsulo m'zaka za 1861 ndi 1865, ndipo ndi imene ili m'maloko ambiri amene tikugula lero.

Amisiri a zitsulo nawonso sadatsalire. Al-Jazari, amene ankatumikira mafumu a Artuqid ku Diyarbakir, adamaliza buku lake la makina mu 1206, ndipo m'menemo adafotokoza chitseko chachikulu cha nyumba yachifumu, loko wa mipiringidzo inayi, ndi loko wa bokosi wotsegulidwa polondoloza zilembo popanda kiyi. Bokosi la loko wotere, lopangidwa ndi Muhammad ibn Hamid al-Isfahani m'chaka cha 597 cha Hijra (1200 mpaka 1201), likusungidwa ku David Collection mumzinda wa Copenhagen.

Miyezo ya lero ndi urf

Masiku ano ntchito ya muhtasib ili m'manja mwa mabungwe oona za miyezo. Ku Britain kuli muyezo wa BS 3621 wa maloko olimbana ndi akuba, umene makampani ambiri a inshulansi amaufuna pa zitseko zakunja. Kuyambira mu 2015, malamulo omangira nyumba ku England ali ndi gawo lotchedwa Approved Document Q, lofuna kuti zitseko ndi mawindo a nyumba zatsopano zikhale zoyesedwa kulimba kwake. Ku Ulaya muyezo wa EN 1627 umagawa zitseko m'magulu kuyambira RC1 mpaka RC6. Chitseko cha RC2 chiyenera kupirira mphindi 3 pamene woyesa akuchithyola ndi zida wamba, ndipo cha RC3 mphindi 5. Muyezo wa EN 1627 umayesa chitseko pamodzi ndi felemu, mahinjesi ndi loko, chifukwa loko wodula pa felemu yofumbwa ndi kungotaya ndalama.

Kodi Msilamu aione bwanji miyezo imeneyi? Popeza hirz imabwerera ku urf, muyezo umene anthu a dziko augwiritsa ntchito mpaka kuuzolowera ungathe kukhala umboni wa chimene chikutchedwa kusunga koyenera m'dzikomo. Koma urf wa London si urf wa mudzi wa m'mphepete mwa nyanja kumene aliyense amadziwa mnzake. Woweruza kapena Sheikh wofunsidwa za katundu wosungitsa amene wabedwa ayenera kufunsa mmene anthu osamala a dera limenelo amasungira katundu wotere, monga momwe an-Nawawi adafunsira za malo ndi nyengo.

Moyo patsogolo pa chuma

Ena amaganiza kuti kukhoma chitseko n'kuchepa kwa tawakkul. Tirmidhi adalemba nkhani ya munthu amene adafunsa ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kuyedzamira kwa Allah, ndipo adauzidwa kuti achite zonse ziwiri. Imam al-Ghazali (adamwalira 1111), m'buku la Ihya, adati kukhoma chitseko sikuononga tawakkul, koma adachenjeza za kupyola muyezo, monga kuunjika maloko ambirimbiri pakhomo limodzi.

Chenjezoli lili ndi kulemera kwatsopano lero. Kuopa mbava kwachititsa ambiri a ife kuwotcherera zitsulo m'mawindo onse, kuika chitseko chachitsulo pamwamba pa chathabwa, n'kubisa makiyi kumene mwana sangawapeze. Akuluakulu adati walira mvula walira matope: zitsulo zimene zikutchinga wakuba kunja ndi zomwezo zimene zingatchinge banja m'kati moto ukabuka pa kandulo, pambaula kapena pa waya wa magetsi. Bukhari ndi Muslim adalemba kuti nyumba ina ku Madina idapsa usiku eni ake ali momwemo, ndipo Mtumiki (SAW) atamva adautcha moto mdani wathu n'kulamula kuti tiziuzimitsa pogona. Pa zinthu zisanu zimene Shariya idadzateteza, zomwe al-Ghazali adazindandalika m'buku la Al-Mustasfa ndipo ash-Shatibi (adamwalira 1388) adazitambasula, moyo uli patsogolo pa chuma. Amiyezo nawonso adafika pa mfundo yomweyi: ku Britain kuli muyezo wina, BS 8621, wa maloko olimba amene amatseguka kuchokera m'kati popanda kiyi, makamaka pa nyumba za khomo limodzi.

Choncho mwini nyumba yochititsa lendi, woyang'anira malo ogona ophunzira pa madrasa, ndi mutu wa banja aliyense adzifunse mafunso awiri nthawi imodzi: kodi wakuba angalowe, nanga mwana wamng'ono angatuluke mumdima? Windo limodzi la zitsulo zotseguka kuchokera m'kati, kiyi wokhala pamalo amene onse a m'nyumba akuwadziwa, ndi kusintha loko pamene wochita lendi wakale watuluka, ndi zinthu zotsika mtengo zimene zikukwaniritsa zofuna zonse ziwiri. Wodula makiyi pamsika akumbukire lamulo la Ibn al-Ukhuwwa asanadulire kiyi munthu amene sakumudziwa. Womanga nyumba pafupi ndi mnzake akumbukire Sahnun asanaboole khomo kapena windo. Ndipo aphunzitsi pophunzitsa mitu ya hirz ndi wadi'a atenge zitsanzo pa zitseko zimene ophunzira awo amatsegula tsiku ndi tsiku, kuti aone kuti Fiqh idalembedwera nyumba zenizeni zokhalamo anthu.

Tikupempha Allah kuti ateteze nyumba zathu, mabanja athu ndi zimene tasungitsidwa. Allah ndiye Wodziwa koposa.